Kiyi wa Kanyumba ka Paphiri

2 Okutobala

Namasula, mwana wanga,

Ndine bambo ako. Akulemba ndi mayi ako, koma mawuwa ndi anga, ndipo ndawauza kuti asathiremo mchere wawo. Landira moni. Ife tili bwino, kupatula bondo langa lakumanzere limene layamba mwano. Tiuze za moyo wako kudokoko, ndiponso ngati ukudya, chifukwa pa chithunzi chija waonda ngati chingwe cha eriyo.

Nkhani ndi ya ripita, makina a paphiri amene ndawasamala zaka 22. Ntchito yake ukuidziwa. Zipatala zing'onozing'ono zinayi zikafuna ambulansi zimayankhula pa wailesi ya ovaova, mawu amakwera kwa ine, makina amawapatsa mphamvu n'kuwaponya kutali. Kuno foni sigwira. Phiri langa likakhala chete, anthu onse kuno atsekedwa pakamwa.

Tsopano bokosi lakuda lija, limene iwe umati ampu, lafooka. Kale munthu akayankhula, singano ya mita yapakhoma inkathamangira pa 50. Lero ikafika pa 15 imaima, n'kumanjenjemera ngati nkhalamba yowoloka paulalo. Zipatala zitatu zapafupi zikumvabe. Koma anamwino a kutsidya, kuseri kwa mapiri, akuti yankho limawafika ngati mvula pamalata.

Sabata yatha anali ndi mayi wovutika pobereka. Anaitana, a chipatala chachikulu anamva, anayankha kuti ambulansi yanyamuka. Anamwino sanamve yankholo. Anadikira, kenako anamukweza mayiyo pangolo n'kudzera msewu wakumunsi, ambulansi ikudzera wakumtunda. Anasemphana. Mayi ndi mwana ali moyo, tiyamike Mulungu, koma nkhani inafika ku ofesi ya mabwana anga.

A ku ofesi alemba kuti bwana wa zamawailesi abwera pa 28 Novembala. Akuti ampu ina alibe. Akapeza kuti iyi yafa, amasula zonse, atsitsa eriyo, atenga kiyi wa kanyumbako. Kiyi ameneyu ndinamulandira iwe ukuyamba kumene sukulu. Sanagonepo m'thumba la munthu wina, ndipo sindikufuna kumupereka ngati munthu wolephera.

Ndalama sindikufuna. Ndikufuna mutu wakowo, umene unauyesera pa wailesi yanga uli ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka tinakupatsa dzina la Namasula, ndipo wailesiyo sinayimbenso. Popeza lero ukukonza mawailesi a sitima zapamadzi, bwera udzaone ya bambo ako. Ukalephera, lemba zoti ndichite. Zilembo ndi zimene zinandikana, manambala ndimawerenga.

Kalatayi ibwera ndi dalaivala wa lole ya mankhwala, akaiponya m'tauni. Yankho lidzerenso momwemo.

Bambo ako


9 Okutobala

Okondedwa Bambo ndi Amayi,

Moni nonse. Ndili bwino ndipo ndikudya, chithunzicho anajambula moipa basi. Nkhani ya mayi wa pangolo yandikhudza kwambiri.

Bambo, kubwera sinditha. Sitima zandanda padoko, ndipo tchuthi andipatsa Januwale. Koma ndakutumizirani kamita kachikasu ka zingwe ziwiri, chofiira ndi chakuda. Manja anu ndi mutu wanga tigwirizane.

Musafulumire kuiyika m'manda ampuyo. Ampu ikafa imafa ndithu, singano sinyamuka n'komwe. Ikafooka chonchi, kawirikawiri zifukwa ndi zitatu: yatenthedwa, yatsekedwa kukhosi, kapena ili ndi njala. Tiyambe chimodzichimodzi.

Choyamba, kutentha. Onani ngati fani ikuzungulira. Gwirani zitsulo zakumbuyo zija zonga chipeso munthu atayankhula kwa kanthawi. Zikakhala zofunda, zili bwino. Zikakuwotchani, mundiuze.

Chachiwiri, kukhosi. Mita yapakhomayo ili ndi kakonono. Mukakapotoza, singano imaonetsa mphamvu imene ikubwerera kuchokera ku eriyo m'malo mopita kunja. Iyenera kungogwedera pang'ono. Masulaninso polumikizira chingwe cha eriyo, muone ngati mwalowa madzi kapena muli zobiriwira. Kukwera pamlongoti ayi, Bambo, chonde.

Chachitatu, njala. Masana dzuwa lili bwino, ikani chingwe chofiira cha kamitako pa mutu wofiira wa batire, chakuda pa wakuda. Lembani nambala yake.

Ndipo funso ili ndi limene timafunsa aliyense kuntchito kuno: kodi pali chimene chinasinthidwa, kuchotsedwa kapena kukonzedwa m'kanyumbamo vutoli lisanayambe? Ngakhale kanthu kakang'ono.

Bondolo likundidetsa nkhawa. Phirilo si lalifupi, ndipo inu si mnyamata. Zikavuta, kupuma si manyazi.

Mwana wanu,
Namasula


17 Okutobala

Namasula,

Moni. Tili moyo, ngati ukufuna kudziwa.

Lole ya mankhwala sinabwere tsiku lake, ndipo kalata yako sitinaione. Mayi ako akuti mwina ndi msewu. Ine ndikuti mwina ndi doko, chifukwa amene amakonza mawailesi a sitima zazikulu sangataye inki pa kanyumba ka malata.

Palibe kanthu. Ndikukwerabe m'mawa uliwonse. Ndatsuka masola kawiri, ndasesa, ndapukuta bokosi lakudalo mpaka ndikudziona nkhope. Singano yatsikira pa 13. Anamwino a kutsidya tsopano akaitana amanena kawirikawiri, kenako amati, "Ngati mwandimva, Mulungu akudalitseni." Ine ndimamva zonsezo ndili paphiri ndi kawailesi kanga, wopanda chowayankha chimene angamve.

Kalatayi aitenga aphunzitsi amene akupita kutauni. Usavutike kuyankha ngati uli wotanganidwa. Kiyi ndi wanga, ndimuteteza ndekha.

Bambo ako

Usawamvere, mwana wanga. Amafunsa za lole katatu patsiku. Mayi ako.


30 Okutobala

Namasula, mwana wanga,

Moni. Lole inafika dzana. Inathyoka chitsulo chapansi ndipo inakhala kugalaja milungu iwiri, kalata yako ili m'kabati ya dalaivala. Choncho mawu a m'kalata yanga yapita ija uwachepetse ndi theka. Theka linalo likhale, chifukwa ndamva zimene walemba.

Kamita kachikasu ndakalandira. Ndi kabwino. Ndachita zonse mwadongosolo lake, ndipo mayankho ndi awa. Mayi ako alembe manambala bwino.

Fani ikuzungulira. Zitsulo za chipeso ndi zofunda ngati mphumi ya munthu wabwinobwino. Fumbi mulibe, ndipo silinakhalemo chiyambire.

Kakonono ndinakapotoza. Singano inangogwedera, osafika ngakhale pa 1. Polumikizira chingwe cha eriyo ndi pouma, powala. Pamlongoti sindinakwere, osati chifukwa unandiletsa, koma chifukwa panalibe chokwerera.

Batire masana likuti 13.4. Ndinayeza katatu, masiku awiri. Ndiye njala palibe.

Tsono zifukwa zako zitatu zatha, singano yapakhoma idakali pa 13. Kapena sukulu yako inasiya chachinayi?

Tibwere ku funso lako. Ukundifunsa ngati ndinasintha kanthu. Mwana wanga, funso limeneli amafunsa wapolisi. Zaka 22 akuluakulu a mawailesi akhala akubwera n'kumapita, ndipo aliyense amati kanyumba kanga ndi koyera kuposa chipinda cha opaleshoni. Wina anafuna kuvula nsapato pakhomo. Lero mwana wanga yemwe andiyesa wogwiragwira zinthu? Ine ndimasamala makina, sindiseweretsa makina.

Ndipo za kupuma, ndamva. A ku ofesi akufuna kiyi, iwenso ukufuna ndipume. Mwagwirizana liti? Bondo ndi langa, ndipo silinapemphe womuyankhulira. Tsiku lopereka kiyi ndidzasankha ndekha, singano ili pa 50, osati ili pansi ngati galu wodwala.

Kwatsala milungu inayi. Ngati uli ndi nzeru ina, tumiza.

Bambo ako

Mwana wanga, bambo ako apita kukamangirira mbuzi, ndiye ndilembe msanga. Izi sanandiuze kuti ndilembe. Mwezi wa Ogasiti m'kanyumba muja munalowa khoswe. Anatafuna waya wonenepa wofiira uja wochokera ku batire kupita ku bokosi lakuda, mpaka makina anazima tsiku lathunthu. Bambo ako anabwera kunyumba nkhope ili gwa, anatenga ayironi yanga yakale ija inapsa, anadula chingwe chake, n'kukalumikiza kumeneko. Makina anayaka. Chingwecho anachibisa bwinobwino kuseri kwa thabwa, n'kupakapo penti. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, chifukwa akuti anthu akamva kuti mwa iwo munalowa khoswe, ulemu wa zaka 22 wathera pomwepo. Kaya zikukhudzana ndi vutoli, ine sindidziwa. Koma usawauze kuti ndakuuza. Ndakhala nawo zaka 46, ndikuwadziwa: ukawaloza chala amauma ngati chitsa. Mayi ako.


8 Novembala

Okondedwa Bambo,

Moni, ndipo pepani. Funso lija silinali lokuimbani mlandu, ndipo ndi a ku ofesi sindinayankhulepo. Za kupuma ndabweza mawu. Kiyi ndi wanu, tiyeni timumenyere nkhondo.

Mwayeza bwino kwambiri, kuposa anzanga ena kuno. Manambala anu andiuza kuti ampu sikutenthedwa ndipo eriyo ili bwino. Wolakwa ndine: za njala ndinakuuzani theka. Tinayeza chakudya chili m'nkhokwe, sitinayeze chimene chikufika pakamwa. Nkhokwe itha kukhala yodzaza, mwana n'kumagona ndi njala ngati wopereka akugwiritsa ntchito kasupuni ka tiyi.

Chitani izi. Kumbuyo kwa ampu kuli timitu tiwiri pamene mawaya a batire amafikira. Ikani zingwe za kamita pamenepo. Pakakhala palibe akuyankhula, muona nambala yofanana ndi ya pa batire, ndipo musakondwere nayo, chifukwa ampu ikakhala chete sidya. Ndiye wina akanikize batani la kawailesi kanu kwa masekondi khumi, inu maso pa kamita. Pakufunika anthu awiri.

Nambala ikangotsika pang'ono, osapyola pa 12.5, vuto lili m'kati mwa ampu ndipo tiganiza zina. Koma ikagwa kufika pa 10 kapena kutsikirapo, ampu ndi yamoyo, mphamvu ikutayika m'njira. Pamenepo yendetsani dzanja pa waya yense kuchokera ku batire, batani likadali lokanikizidwa. Pamene pakutentha ndi pamene pali wakuba.

Mankhwala ake ndi waya wonenepa ngati pensulo, wamfupi m'mene mungathere, womangidwa ndi mabawuti, osati wopotokola ndi zala. Amene amawotcherera zitsulo amakhala naye. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire monga kale. Musanagwire chilichonse, chotsani kaye waya wakuda ku batire, ndipo muuze zipatala kuti muzima kwa ola limodzi. Chofiira ku chofiira, Bambo. Mukasemphanitsa, ndiye tiyimbadi nyimbo za maliro.

Sipakhala nthawi yoti mundifunsenso bwana asanafike. Ndikudalira inu.

Mwana wanu,
Namasula

Kapepala aka ndi ka Amayi okha, musawawerengere Bambo. Amayi, zikomo. Chingwe cha ayironi ndi chowonda kwambiri, ndipo polumikiza pakamachita dzimbiri mphamvu imapitirira kuchepa. Ndikukhulupirira kuti vuto ndi lomwelo. Sindinatchule khoswe. Asiyeni alipeze ndi dzanja lawo. Koma wokanikiza batani mukhale inuyo, musalole kuti aitane munthu wakunja, chifukwa pamaso pa mlendo sadzachotsa thabwalo.


29 Novembala

Namasula, mwana wanga,

Landira moni wa bambo ako ndi mayi ako. Tili bwino. Miyendo ya mayi ako ndi imene ikudandaula, ndipo umva chifukwa chake. Ndawauza kuti kalata iyi alembe liwu ndi liwu, ngakhale pamene pakundiwawa.

Kalata yako inafika pa 20. Nditamva kuti pakufunika anthu awiri, ndinati ndipempha aphunzitsi. Mayi ako anati, "Aphunzitsi ali ndi ana oti aphunzitse. Chala ndili nacho ine." Ndinati, "Inu phiri lija munalisiya zaka zisanu ndi zinayi zapitazo." Anati, "Ndiye landisowa." Tinanyamuka m'mawa, tinafika dzuwa lili pamutu. Anapuma kasanu ndi kawiri, ndipo popuma paliponse amandiuza kuti amuna anzanga anasankha ntchito zapansi.

Ndinaika zingwe kumbuyo kwa ampu. Kamita kanati 13.3. Ndinati, "Mwaona? Njala palibe." Mayi ako anati, "Mwana anati musakondwere." Anakanikiza batani. Namasula, nambala inagwa ngati mwala m'chitsime. Inaima pa 9.2. Atasiya, inabwerera pa 13.3. Tinabwereza katatu, chifukwa ndimafuna kuti kamitako kaname. Sikananame.

Ndinayamba kuyendetsa dzanja pa waya monga unanenera. Ku batire kozizira. Pa fyuzi pozizira. Nditafika pa thabwa lina limene lili kukhoma, ndinadumphapo. Mayi ako anati, "Mwadumpha." Ndinati, "Pamenepo ndi thabwa chabe." Anati, "Chala changa chatopa, bambo. Gwirani thabwalo." Ndinaligwira. Linali lofunda.

Tsopano lembani bwino apa, mayi.

Mwana wanga, unandifunsa ngati ndinasintha kanthu, ndipo ine ndinakuyankha ndi ukali m'malo mwa choonadi. Mu Ogasiti khoswe analowa mwanga n'kudya waya. Ndinachita manyazi. M'malo mouza a ku ofesi, ndinaikapo chingwe cha ayironi n'kuchibisa. Nditachotsa thabwa, ndinachipeza chitafewa ngati phula, ndipo pamene ndinapotokola ndi zala panali pakuda bii. Makina sanadwale. Ndine ndinkawadyetsa ndi kasupuni. Mayi wobereka uja anakwera ngolo chifukwa cha manyazi anga. Ndinalakwa.

Tsiku lomwelo ndinatsika mpaka kwa wowotcherera zitsulo wa pamphambano. Anandidulira waya wa makina ake, mikono iwiri iwiri, wofiira ndi wakuda, n'kundimangira timitu tamkuwa kumapeto. Anafunsa kuti ndi wa chiyani. Ndinamuuza zonse, ndi khoswe yemwe. Anaseka mpaka anakhala pansi, kenako anati kwake makoswe anadya mpando wa njinga yamoto ya kasitomala. Ndinadabwa kuti kunena kunali kopepuka kuposa kubisa.

M'mawa mwake ndinauza zipatala kuti ndizima ola limodzi. Ndinachotsa wakuda poyamba. Ndinasuntha batire kuti liyandikire, ndinamanga ndi mabawuti, ndinayang'ana chofiira katatu ndisanalumikize. Mayi ako anakweranso, akuti sangasiye ntchito pakati. Atakanikiza batani, kamita kanati 12.9, ndipo singano yapakhoma inanyamuka ngati yaitanidwa ndi dzina, mpaka pa 48.

Ndinatenga kawailesi, ndinati, "Kutsidya, kutsidya, kuno ndi paphiri, mukundimva? Ova." Kenako anamwino anakuwa, "Agogo a paphiri! Mwalowa m'chipinda muno kapena? Tsitsani mawu, mundidzutsira odwala!" Mayi ako anakhala pa chitini cha penti n'kuyamba kupukuta m'maso, akuti ndi fumbi. Ndinawakumbutsa kuti mwanga mulibe fumbi.

Bwana wa zamawailesi anabwera dzulo ndi bokosi la zitsulo zomasulira. Ndi wamng'ono kwa iwe. Anayang'ana singano, anayeza ndi mita yake, anaitana kutsidya yekha, anayankhidwa. Anati, "Madala, ndiye anatinamiza? Makinawa ali bwinobwino." Pamenepo ndikanatha kungokhala chete, iye n'kutsika wosangalala. Koma ndinatulutsa chingwe cha ayironi m'thumba, ndinachiika patebulo, ndinamufotokozera kuyambira pa khoswe mpaka pa ngolo. Ndinatulutsanso kiyi, ndinamuika pambali pa chingwecho. Ndinati, "Singano ili pa 48. Mukafuna kiyi, tengani lero, ndikupereka ndi dzanja langa."

Anatenga chingwecho n'kuchitembenuzatembenuza m'manja. Anati nkhani ya ngolo ailemba m'lipoti monga momwe ndanenera, ndipo kalata yondichenjeza ibwera. Ndinati ibwere, mayi ako andiwerengera mokweza. Kenako anafunsa kuti anandiphunzitsa ndani kuyeza kumbuyo kwa ampu batani lili lokanikizidwa, poti anyamata ake awiri anabwera mu Seputembala n'kungoyeza batire. Ndinati ndili ndi mwana kudoko. Anakankhira kiyi kwa ine ndi chala chimodzi, anati, "Tsekani pobowoka pamene analowera khosweyo. Ndipo tsiku lina kukachitika kanthu, muziyamba mwatiuza." Pobowokapo ndinali nditatseka kale ndi simenti, koma sindinamudule mawu.

Chinthu chimodzi chotsiriza. Usaganize kuti bambo ako ndi wogona. Kalata ya pa 30 Okutobala ndinaisiya ili ndi malo pansi, pobwera kombuzi ndinapeza yadzaza mpaka m'mphepete. Kuwerenga sinditha, koma kuchuluka kwa inki ndimakuona. Ndipo mwana amene sanaonepo thabwa lija sangandiuze kuti ndiyendetse dzanja pa waya yense. Inu awiri munandizungulira ngati mbuzi yothawa. Sindikukwiya. Koma Januwale ukabwera, ukwere nane, udzaone ngati ndamanga bwino. Ubwerenso ndi mankhwala a bondo, poti tsopano ndavomera kuti likupweteka.

M'envelopumu ndaikamo kachidutswa ka chingwe cha ayironi. Ukapachike kuntchito kwako. Wina akadzakuyankha mwaukali kuti sanasinthe kanthu, udzamuonetse.

Bambo ako, wosunga kiyi wa paphiri

Mwana wanga, mawu aja akuti "Ndinalakwa" ndawalemba monga ananenera. Zaka 46 ndinali ndisanawamvepo m'kamwa mwawo, moti ndinawafunsa kuti abwereze, ndikunamizira kuti cholembera chakana. Anabwereza. Mayi ako.